Kuimirira ndi kukhala pansi m'sunagoge: yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Achimwene, mwati abwana anu akuitanani ku bar mitzvah ya mwana wawo, mwambo wa Ayuda wa mnyamata amene wakwanitsa zaka 13, Loweruka likubwerali, ndipo mukufunsa nthawi yoimirira, yokhala ndi yogwada, poopa kukachita manyazi. Mtima m'malo. Inenso tsiku loyamba ndinkaona ngati chisokonezo: uyu waima, uyo wakhala, wina akugwedeza thupi ngati bango pamphepo. Koma zambiri mwa izo zili ndi lamulo lake, lochokera mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi akale, ndi m'buku la malamulo la Shulchan Aruch la Yosef Karo, losindikizidwa ku Venice mu 1565.

Pemphero loti mulisamale ndi Amidah, ndipo dzinalo limatanthauza kuimirira. Masiku wamba lili ndi madalitso 19, pa Sabata 7. Munthu amayenda mapazi atatu kutsogolo ngati akufika pamaso pa mfumu, n'kuphatikiza mapazi kuti akhale ngati phazi limodzi, potengera miyendo yowongoka ya zamoyo za pa Ezekieli 1:7. Nkhope imaloza ku Yerusalemu monga ankachitira Danieli. Ambiri amangoti Ayuda amayang'ana kum'mawa, koma izo ndi za ku London ndi New York. Inu muli kummwera, Yerusalemu ali chakumpoto. Mawu a pempheroli ndi onong'ona, milomo yokha ikugwedera ngati ya Hana pa 1 Samueli 1:13. Amawerama kanayi basi, kumayambiriro ndi kumapeto kwa dalitso loyamba, chimodzimodzinso pa dalitso loyamika lotchedwa Modim. Muyang'anitsitse mkulu amene mwayandikana naye: pa mawu oti Baruch (wodalitsika) apinda mawondo pang'ono, pa Atah (Inu) aweramitsa msana, pofika pa dzina la Mulungu waongoka kale, chifukwa Salimo 146:8 likuti Mulungu amaongola owerama. Akamaliza abwerera chafutambuyo mapazi atatu.

Apa ndi pamene alendofe timalakwa. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene ali pa Amidah, mpata wa mikono inayi, pafupifupi mamita awiri. Ine ndinadutsa pofuna kutuluka panja. Palibe anandikalipira, sakanathanso kuyankhula, koma diso limene anandiponyera gogo wina sindinaliiwale.

Chodabwitsa n'choti Shema, mawu aakulu aja a "Imvani Israyeli", ambiri amanena ali chikhalire, dzanja lamanja litaphimba maso. Unali mkangano wakale: ophunzira a mphunzitsi Shammai ankati ponena Shema madzulo ugone pansi, m'mawa uimirire, pomwe a mphunzitsi Hillel ankati unene mmene ulilimo. Mishnah, buku lakale la malamulo a Ayuda, imasimba za Rabi Tarfon amene anagona panjira potsatira a Shammai, n'kutsala pang'ono kugwa m'manja mwa achifwamba. Anzake sanamumvere chisoni, anamuuza kuti wazifuna yekha. Lamulo linatsata Hillel.

Kabati yosungiramo mipukutu ya Torah (mabuku asanu a Mose) ikatsegulidwa, kapena mpukutu ukanyamulidwa, imirirani. Pa Kedushah, pemphero lotamanda chiyero cha Mulungu, muwaona akunyang'ama katatu pa "woyera, woyera, woyera". Pa Kaddish, pemphero lokweza dzina la Mulungu, miyambo imasiyana: Aashkenazi (Ayuda ochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya), omwe ndi ochuluka ku South Africa, amakonda kuimirira, Asefaradi (omwe makolo awo anachokera ku Spain ndi Portugal) ambiri amakhala.

Zogwada ziiwaleni. Ife tinazolowera mawondo pansi kutchalitchi, koma m'sunagoge zimenezi zimachitika pa Rosh Hashanah (chaka chatsopano cha Ayuda) ndi Yom Kippur (tsiku la chitetezo cha machimo), ndipo pansi pakakhala pamwala amayala kansalu kapena pepala, chifukwa Levitiko 26:1 imaletsa kugwadira pamwala wosema. Kugwedeza thupi kuja ndi chizolowezi chabe, ena amachikokera ku Salimo 35:10 lonena za mafupa onse kutamanda Mulungu. Musachite kukakamiza, zimaoneka ngati mukuwanyogodola.

Mwatchulanso za bondo lanu lovuta. Lamulo lomwelo limalola wodwala kupemphera atakhala, ngakhale atagona. Mukakhale mpando wa chakumbuyo kuti musakhale pafupi ndi oimirira pa Amidah, muvale kipa, kachipewa kakang'ono kamene akupatseni pakhomo, foni muzimitsiretu musanalowe pageti popeza ndi Sabata.