Za abwana anu Achisomali amene mukuti amakangana usiku uliwonse

Achimwene mwafunsa kuti bwanji abwana anu Achisomali ndi anzawo akangotseka shopu usiku amayamba kukangana mokweza ngati amenyana, kenako onse zii kumvera munthu pa foni akulankhula yekha nthawi yaitali popanda ng'oma popanda gitala, nde mukuti kodi ndi mapemphero kapena ndale, komanso za kwawo amazitengeranji pamtima chonchi poti anachokako kalekale. Ndaona ena ayankha kale kuti samalani amenewo ndi a Al-Shabaab, gulu la zigawenga la ku Somalia lija, zimenezo zandiwawa, nde ndati ndilembe olo zitalike. Ine ndinagwira kwa Asomali zaka 6, poyamba pa spaza ina kulokeshoni kenako pa holoselo ku Bellville ku Cape Town, ndinkagona nawo kuseri kwa mafiriji, kudya nawo mbale imodzi mpunga wa nyama ya mbuzi nthochi yakupsa ili pambali, nde zina ndinaziona ndi maso, zina anandifotokozera okha.

Kukangana mukumvako eniake ali nako ndi dzina, amati fadhi ku dirir, kutanthauza kumenya nkhondo uli chikhalire. Kwathu kuja zinkayamba tikangotsitsa chitseko chachitsulo. Makireti a zakumwa kuwatembenuza kukhala mipando, fulasiki ya tiyi amene amati shaah, wa ginja ndi shuga wambiri, pakati, basi nkhani yayambika. Panali madala awiri amene sindidzawaiwala, wina wa ku Hargeisa kumpoto wina wa ku Mogadishu kumwera, amenewa ankalozana zala mpaka misempha ya pakhosi kuonekera, ine masiku oyamba ndinkaima pafupi ndi khomo kuti zikavuta ndithawe. Koma foni ikangoitana nthawi ya swala onse awiri ankapita kukasamba pampopi umodzi, kuyala mkeka, kuima phewa ndi phewa. Mawa lake wa ku Hargeisa uja nkumubwereka mnzakeyo ndalama yoodera katundu popanda kulemberana paliponse.

Chimene ankalimbirana ndi ichi. Mu 1960 mbali imene inali m'manja mwa Angerezi kumpoto ndi imene inali m'manja mwa Mataliyana kumwera zinaphatikizana kukhala dziko limodzi. Mu 1969 msilikali Siad Barre analanda boma, analamulira mpaka Januwale 1991. Mu 1988 ndege za boma lomwelo zinaphulitsa mzinda wa Hargeisa, anthu miyandamiyanda anafa ena kuthawira ku Ethiopia, ndipo lero pakati pa mzindawo anaimikapo ndege yankhondo ngati chikumbutso. Nde pa 18 Meyi 1991 akumpotowo anati ife basi tadzipatula, ndife Somaliland, ali ndi ndalama yawo, mbendera yawo, amachita zisankho zawo. Mdala wa ku Hargeisa ankati ine mayi anga anandibereka kumsana kuthawa ndege zimenezo nde musandiuze za umodzi. Wa ku Mogadishu ankati nafenso tinakwirira abale athu 1991 itakwana, Barre anapweteka tonse, tikayamba kuduladula dziko tidzatsala ndi chani, poti ku Puntland nako kuli boma lawo kuyambira 1998, ku Kismayo kuli Jubaland. Onse awiri ankanena zoona za moyo wawo, nchifukwa chake nkhaniyo siinkatha.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya mafuko, iwo amati qabiil. Msomali amatha kutchula maina a makolo ake aamuna kubwerera m'mbuyo mibadwo yambirimbiri osapunthwa, anaphunzitsidwa ali mwana. Ndipo ndale za ku Mogadishu anazimanga pamenepo, pali dongosolo lotchedwa 4.5, mipando 275 ya palamenti amaigawa kuti mafuko anayi akuluakulu, Darod, Hawiye, Dir ndi Rahanweyn, lililonse litenge 61, timafuko tonse totsala tigawane 31 yokha, ndiye theka lija. Pa zisankho za 2012, 2017 ndi 2022 pulezidenti anasankhidwa ndi aphungu osati anthu wamba pamzere. Nde mukamva akutchula mokuwa Farmaajo kapena Hassan Sheikh, amene onse akhalapo apulezidenti, dziwani kuti kuseri kwa dzinalo kuli funso loti fuko langa lili pati. Farmaajo yemweyo anali wa kunja ngati iwo, ankakhala ku Buffalo ku America asanapambane mu 2017, ndipo usiku umenewo anyamata ena a pa Bellville sanagone ndi chisangalalo pomwe ena anangoti tiona. Hassan Sheikh anawina 2012 nkudzabwereranso 2022. Chodabwitsa nchoti aliyense wa iwo ukakhala naye payekha amatukwana tsankho la mafuko, amati qabyaalad ndi imene inatipha, koma fuko lomwelo ndi limene linamulandira atafika ku Joni alibe kanthu, kumupezera pogona, kumuyambitsa shopu. Chinthu chimene chinakugwetsera nyumba nkukhalanso chimene chikukudyetsa, kuchisiya nkovuta.

Tsopano za munthu wolankhula yekha pa foni uja. Imeneyo ndi ndakatulo achimwene, ndipo apa mpamene ine anthu amenewa anandigwira mtima. Mtundu waukulu amautcha gabay. Lamulo lake ndi lolimba zedi, wolakatula akasankha lembo limodzi, tinene D, ndiye kuti theka lililonse la mzere likhale ndi liwu loyamba ndi D kuyambira poyamba mpaka pothera, olo mizere ipitirire 100, komanso kutalika kwa mawu kumayezedwa. Akaphonya omvera amadziwa pompo. Chilankhulo chawo chinayamba kulembedwa mwalamulo ndi zilembo ngati zathuzi mu 1972, nde zaka zonse m'mbuyomo ndakatulo zinkasungidwa pamtima, munthu kuloweza liwu ndi liwu nkutchula mwini wake, osasintha kanthu. Kwa iwo ndakatulo si zachibwana za pa tsiku la makolo kusukulu ayi, inali nyuzipepala, inali khoti, ndakatulo inkatha kuyatsa nkhondo pakati pa mafuko kapena kuizimitsa. Sayyid Mohammed Abdullah Hassan, amene analimbana ndi Angerezi zaka pafupifupi 20 mpaka anachita kuphulitsa linga lake ndi ndege ku Taleh mu 1920, ankamenya ndi mfuti komanso ndi gabay, ndipo mpaka pano amakangana za iye, ena amati ngwazi ena amati anapha Asomali anzake ambiri.

Nthawi ya Barre anthu ankaopa kulankhula nde ndakatulo zinkayenda pa makaseti mobisa. Chakumapeto kwa 1979 wolakatula wina dzina lake Gaarriye anayambitsa mndandanda umene umatchedwa Deelley, onse oyankha ankayenera kugwiritsa lembo D lomwelo, olakatula ambirimbiri analowerera, ena kudzudzula boma ndi tsankho la mafuko ena kuikira boma kumbuyo, kaseti kuyankha kaseti, mpaka kukafika kwa amene ankagwira ntchito kunja. Hadraawi, amene ambiri amamutenga kuti ndiye wamkulu wa onse a masiku ano, anakhala m'ndende kuyambira 1973 mpaka 1978 chifukwa cha zolemba zake. Mu 2003 anayenda ulendo wopempha mtendere m'madera ambiri a Asomali, ndipo atamwalira ku Hargeisa mu Ogasiti 2022 ndinaona pa WhatsApp madala anga awiri aja onse aika chithunzi chake, wa Somaliland ndi wa Somalia yemwe. Tsiku lina ndikupanga sitoko usiku ndinapeza abwana anga, munthu wouma mtima pa ndalama, atakhala pa thumba la ufa foni ili pakhutu akutsatira mawu ndi milomo misozi ili mbwembwembwe. Nditafunsa anati ikunena za ngamira ndi mvula yoyamba, koma ngamirayo ndi dziko. Ndakatulo zawo zimayenda choncho, mokuluwika, ngati mmene agogo amaponyera mwambi pabwalo wina nkumva kuti akunena ine. Azimayi nawo ali ndi yawo, buraanbur, amaimba pa ukwati ndi ng'oma, ndipo mmenemo amadzudzulamo azibambo ndi nkhondo zawo mosaopa.

Za chipembedzo, pafupifupi onse ndi Asilamu a Sunni otsata chiphunzitso cha Shafi'i. Ine ndine Mkhristu, koma mnzanga wa ku Mangochi amene tinkagwira limodzi ankaswali nawo bwinobwino ndipo anandiuza kuti ngakhale mkangano wawo ndi wodziwika, achikulire ambiri anakulira mu Qadiriyya ndi zikiri ngati kwathu kunyanja, pomwe achinyamata ena ophunzira za ku Saudi amati zimenezo nzowonjezera. Koma zoti aliyense wa ndevu ndi kanzu ndi Al-Shabaab, chonde abale tisamalankhule choncho. Amene aphedwa kwambiri ndi gulu limenelo ndi Asomali omwewo. Pa 14 Okutobala 2017 lole yodzaza mabomba inaphulika pamphambano ya Zoobe ku Mogadishu nkupha anthu oposa 500. Tsiku limenelo shopu tinatseka dzuwa likadalipo, mnyamata wa pa kauntala ankaimba nambala ya mchemwali wake mobwerezabwereza osayankhidwa, kuimba, kudula, kuimbanso, manja akunjenjemera, mpaka m'mawa mwake mpamene anamva kuti ali kuchipatala wavulala koma ali moyo. Sabata imeneyo anayendetsa katoni m'mashopu monse kusonkha ndalama zotumiza, osafunsa kuti iwe ndi fuko lanji. Munthu ngati ameneyo ukamutcha chigawenga wamulasa pabala.

Nkhani za dziko lapansi amazitsata kuposa ife, BBC ya Chisomali inayamba kale mu 1957 ndipo ikamayamba pamakhala bata. Koma chilichonse amachiyeza ndi funso limodzi, kwathu zitikhudza bwanji. Turkey ambiri akumwera amaikonda chifukwa pa njala ya 2011, imene inapha anthu pafupifupi 260,000, mtsogoleri wa Turkey Erdogan anakwera ndege kukafika ku Mogadishu pomwe atsogoleri ena ankaopa. Ethiopia amaiyang'ana ndi diso lina chifukwa cha nkhondo ya Ogaden ya 1977 komanso asilikali ake amene analowa mu Mogadishu kumapeto kwa 2006, nde pa 1 Januwale 2024 Ethiopia itasainirana ndi Somaliland zopeza njira ya kunyanja magulu awo a WhatsApp anayaka moto. Za Palestine pamenepo ambiri amalankhula chimodzi. Ilhan Omar wa ku Minnesota atalowa nyumba ya malamulo ya America pa chisankho cha 2018, mtsikana woti anakhalapo mu kampu ya othawa nkhondo ku Kenya, ena ankanyadira ena ankafufuza kaye kuti mawu ake akukomera mbali iti. Ndipo nkhani ya mabanki amaimva m'thupi, mu 2013 Barclays ku UK itafuna kutseka maakaunti a makampani otumiza ndalama ngati Dahabshiil kunali chipwirikiti mpaka wothamanga uja Mo Farah analowererapo, chifukwa ndalama zimene a kunja amatumiza kwawo zimapitirira 1 biliyoni ya madola pachaka, ndizo zikulipira fizi, mankhwala, chakudya. Nde mwafunsa kuti amazitengeranji pamtima, munthu amene mwezi uliwonse akudyetsa makomo atatu kwawo sanachokeko, thupi lokha ndi limene lili kuno.

Sindikuti ndi angelo ayi. Maola amene tinkagwira anali aatali, malipiro ochepa, tchuthi chosowa, ndipo ena amatiyang'anira pansi ife a tsitsi lolimba, ali ndi liwu lawo loti jareer limene limapweteka ukalidziwa. Apa pali nkhani imene Amalawi ambiri sitiidziwa. M'chigwa cha mtsinje wa Jubba kumwera kwa Somalia kuli anthu amene makolo awo anagwidwa ukapolo zaka za m'ma 1800 kuchokera mbali zathu zino ndi Tanzania ndi Mozambique, pakati pawo pali otchedwa Manyasa, Miyao ndi Makua. Amenewo ndi magazi athu, ndipo pa 4.5 paja iwo ali mu theka lija. Nditamufunsa mdala wa ku Mogadishu za zimenezi anakhala chete kanthawi kenako anati nzoona, tinawalakwira, koma anzake ena anangosintha nkhani. Komanso ine ndimaona kuti ena a kunja amakolezera moto ali pabwino, munthu ali ku London kapena Minneapolis ana ake ali pasukulu yabwino iye nkumalemba zotukwana fuko lina pa Facebook, zipolopolo zikayamba amene akufa ndi mwana wa wina kwawo ku tauni ngati Las Anod. Asomali eniake amadandaula zomwezi, a kumudzi amati a kunja akabwera amalanda maudindo ndi mapasipoti awo awiri, zikavuta nkukwera ndege.

Koma tikumbukenso kuti pa zipolowe za 2008 ndi 2015 ku Joni mashopu awo ankaotchedwa limodzi ndi zisakasa zathu, tinkathawira ku polisi kumodzi, ndipo kwathu komwe ku Dzaleka ku Dowa aliko Asomali, ena anakakamizidwa kubwerera mu kampu mu 2023 atakhala m'tauni zaka zambiri akuchita geni.

Nde achimwene musaope. Usiku wina akadzatsegulanso foni ija dikirani ithe, osawadula pakati chifukwa amadana nazo kwambiri, kenako mudzafunse kuti abwana gabay imeneyi ndi ya ndani ndipo ikuti chani. Liwu loti gabay lokhalo adzakuyang'anani kawiri. Adzakukokerani kireti, adzakuthirirani shaah, ndipo mudzakonzeke kugona mochedwa tsiku limenelo. Funso loti ndinu fuko lanji lokhalo musayambe ndinu, adzakuuzani okha akakuzolowerani.