Za Tada ndi kanema wa Loweruka

Yayamba? Eya, yayamba. Moni nonse pagulupu pano. Amayi aang'ono ku Chileka, ndakuonani mwawerenga koma mwangokhala chete, mwaswera bwanji. Ndikuyankha ndi pakamwa chifukwa m'manja muli ufa, poto ali pamoto.

Ndiye iwe make Tada, msuweni wanga, wafunsa kuti... dikira ndiwerenge bwino... "Kodi mwana wa zaka zitatu amamulola kulowa mu kanema kuno ku Joni? Ndikufunsira Loweruka." Hmm. Ukufunsira Loweruka. Ndipo walemba 11 koloko ya usiku. Chabwino.

Kumulola amamulola, bola filimuyo ikhale ya A, ya aliyense, kapena PG, yofuna kholo liyang'anire. Zilembo zija zimakhala pachithunzi cha filimu, amaika ndi a Film and Publication Board, bungwe la boma loona za mafilimu, si nzeru za mnyamata wong'amba matikiti ayi. Ikakhala 7–9 PG ndiye kuti wosakwana zaka 7 si yake, ndipo wa zaka 7 mpaka 9 alowe ndi munthu wamkulu. Kenako 10–12 PG, 13, 16, 18, izo Tada zisamukhudze. A Ster-Kinekor, kampani ya makanema ija, malo ena ali ndi chipinda cha ana okhaokha, muli mapilo akuluakulu ogonera ndi potsetsereka. Ndiye yankho ndi limenelo. Koma iwe zimenezi ukanazipeza wekha pa Google, foni yako ndi yodula kuposa yanga.

Iii, dikira ndichepetse moto.

Eya. Funso lakoli landikumbutsa bambo ako. Achimwene ku Lunzu, chonde musawamvetsere amalume voisi iyi, angandichotse pa mbumba. Inu ana a dzulo simudziwa kuti amalume kanema anamudziwira kuno, ku Theba, ali mnyamata. Iwo sankati kanema, ankati bayisikopo, ankawaonetsa ku kompaundi ya mgodi. Anabwerera kumudzi nthawi ija ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, 1974, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Anabwera ndi sutu ija, chipewa, wailesi, ndi mtima wofuna bayisikopo yawoyawo. Zaka makumi awiri akungonena. Agogo ankati mwana wangayu anamuloza ku Joni.

Ndiye nkhani ya mbuzi ija itatha, mukuidziwa, sindibwereza, ndalama zake ndi zimene anagulira sikirini, deki ndi kajenereta. Chinali chaka cha 1995... ayi, 1996, chifukwa ine ndinali Sitandade 5, ndikukhala pakhomo panu. Nthawi imeneyo Malawi analibe TV yake, TVM inadzayamba 1999, ndiye vidiyo shoo inali chinthu. Anamanga shedi ya mphasa kuseri kwa msika, mabenchi a makungwa a matabwa, sipika anaikweza pamtengo kuti anthu amve mfuti ali kuchigayo. Pakhomo anaika bolodi, n'kulemba ndi choko: akulu K2, ana K1, ana akubere ulere. Ankati wakubere satha benchi, alipirirenji. Ana ena osowa ndalama ankaboola mphasa n'kumasuzumira, amalume n'kumazungulira kunja ndi kabango ngati mlonda wa munda. Koma ukabwera ndi chimanga chowotcha ankakulowetsa. Munthu wa bizinesi ameneyo.

Tsiku lake linali Loweruka, mwezi utangotha, anthu atalandira. Shedi inadzaza, ena pansi, ena chilili. Filimu ya nkhondo, ija ya azungu othamanga m'nkhalango opanda malaya. Mayi ako analowa nawe kumbuyo, unali ndi zaka ziwiri, mutu ngati dzungu, tsitsi kulibe. Usatsutse, chithunzi chilipo. Ndege ya helikopita itangolira, iwe unakuwa. Osati kulira, kukuwa. Sipika ya pamtengo inachepa. Mayi ako kukupatsa bere, wakana. Kukupatsa mandasi, waponya, n'kukamenya munthu wamkulu wa pa depoti uja m'khosi.

Amalume anatani? Anaimitsa tepi. Anaimitsa, mzungu ali m'malere ndi mfuti yake. N'kuyatsa babu, n'kuima kutsogolo, chipewa kumanja, akuti, "Abale, tipume kaye, mwana watsamwa ndi mantha." Anthu kuwowoza! Wina akuti tibwezereni ndalama zathu, wina akuti atuluke naye. Amalume osatekeseka. Akuti, "Mwana ndi wanga, jenereta ndi wanga. Amene wakwiya akagule wake." Hahaha... ayi, ine mpaka lero. Theka la anthu linatuluka, n'kupita kwa mnyamata uja anatsegula shoo yake pafupi ndi siteji. Usiku umenewo mayi ako sanawapatse madzi osamba. Akuti mwathamangitsa ndalama ya ndiwo chifukwa cha pakamwa.

M'mawa mwake anatenga chisanza, kufufuta mzere wa ana akubere. Ndiye n'kundiitana. "Iwe mtsikana, kuyambira lero ndiwe manijala wa kunja." Ine kusangalala, kuyesa udindo. Umanijala wake unali kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi makanda a anthu, amayi awo ali m'kati. Malipiro, ndasi imodzi pa mwana. Iwe unali wa ulere, mwana wa bwana. Zaka zitatu ndinamva mafilimu onse kudzera m'mphasa, iwe uli kumsana kwanga, ukundinyowetsa. Ndimadziwa kulira kwa mfuti iliyonse, koma nkhope za anthu ake sindinazione.

Ndimati chiyani kodi? Eya, za Tada.

Kuno palibe amene angakuimitsire tepi, msuweni. Ine ndinapitako ndi mwana wa adona anga akale, kumpoto uko, ali ndi zaka zitatu ngati Tada yemweyu. Filimu ya zidole, ya A, zonse zili m'malo. Koma asanayambe amayamba aonetsa zotsatsa malonda, mphindi 20 kapena kuposa, ndipo mwana mphamvu zake zokhala pansi zimathera pomwepo. Mbuliwuli anamaliza filimu isanayambe. Atazimitsa magetsi anandigwira dzanja. Phokoso lake, iwe, limagunda pachifuwa, si la TV ya kunyumba. Mpando uja umapindika wokha, mwana wopepuka umamumeza, miyendo m'mwamba. Patapita kanthawi akuti pipi. Tabwerako, pipi wina. Kenako chidole choipa chinatulukira, basi, kulira. Palibe anandikalipira, anthu a kuno satero, amangotembenuka n'kukuyang'ana, kenako kutembenukanso. Bola kuwowozedwa kwa ku Lunzu, umadziwa kuti watukwanidwa. Ndinathera pakhonde, pabenchi, ndikumusisita msana. Tikiti yopitirira R100, ya mwana payokha, mbuliwuli pamwamba, kuti ndikaonere kapeti. Adona sanadandaule, ndalama zinali zawo. Iwe ndi zako.

Sindikuti ana asamapite ayi. Wanga wamkuluyu ndinamutengera ku Eastgate ali ndi zaka 6, anakhala phee, mpaka lero amaikamba. Mwana amene amatha filimu yonse kunyumba osadzuka, amene saopa mdima, amene amanena za kuchimbudzi nthawi ilipo, mutengeni, m'mawa, ya ana anzake, mukhale mpando wa kumapeto kufupi ndi khomo. Koma Tada? Tada amene anathawa blenda kwathu kuno n'kukabisala mu wadiropu? Uja anatengera iwe, asakunamize munthu.

Komanso... mm. Ndinene, ndisanene? Ndinena, ndife tokhatokha. Amayi aang'ono tsekani makutu.

Iwe sukufunsa za Tada. Filimu imene ukufuna si ya zidole. Loweruka ndi tsiku limene alamu ali pa ofu koyamba chiyambire ntchito ya usiku ija, ndipo ndikudziwa ndi deti yanji, chifukwa ndine ndinaphika mpunga pa chinkhoswe chanu. Chibadwire Tada inu awiri simunatulukepo panokha, ngakhale kukagula tomato. Kuchokera zija za ku Beitbridge, pamalire a South Africa ndi Zimbabwe paja, wakhala ukuyenda ngati uli nane ngongole, sufuna kundipemphanso kanthu. Ndiye wazungulira, wazungulira, mpaka kukafunsa gulupu yonse za malamulo a kanema, kuti mwina wina anena yekha. Chabwino, ndanena ndekha. Mwana ubwere naye kuno ku Rosettenville, inu mupite awiri.

Ndipo usayambe zoti achemwali mwatopa, mumagwira sabata yonse ndi ana a eni. Ana a eni ndimawalera chifukwa cha marandi. Tada ndi wanga. Kumudzi sukanafunsa n'komwe, ukanangomutula pakhonde la mayi n'kumapita, wina akanamupatsa phala. Kuno tonse tili m'tizipinda ta lendi, aliyense ndi loko wake, mpaka munthu kuchita manyazi kusiya mwana kwa m'bale wake. Za ku Beitbridge zinatha, ndinakuuza chaka chatha, ndikukuuzanso pamaso pa anthu.

Achimwene, ndakuonani mukulemba. Musalembe kanthu. Inu munasiya ana anu atatu kwa mayi mwezi wathunthu mukuti mukupita ku maliro.

Ndiye wamva, make Tada? Kanema wa Tada adikire, adzapita ndi ine akadzafika zaka 5 kapena 6, ndidzalipira ndekha, mwina n'kuonako nkhope zimene bambo ako anandimana. Loweruka lino iye ali kwa manijala wa kunja. Sankhani filimu ya 16 kaya 18, ya anthu akuluakulu, muzimitse mafoni. Ukandiimbira pakati pa filimu kufunsa ngati wadya, sindiyankha. Ndipo alamu uwauze avale malaya ena, osati jezi ya mpira ija.

Ubwere naye 10 koloko, ndi kabulangete kake kaja ndi zosintha ziwiri. Zakudya usatenge, zilipo. Mukachedwa musavutike ndi takisi usiku, agona konkuno, mudzamutenge Lamulungu tikatuluka ku tchalitchi. Malipiro ndi omwe aja, ndasi imodzi. Iii, nsima yanga yapserera, iwe mwana iwe... ndimazimitsa pati ichi...