Mun kapena Minmus? Yankho kwa mnyamata wa ku Bangula

Mnyamata wina wa ku Bangula wanditumizira imelo. Amasewera Kerbal Space Program, masewera omanga ndi kuulutsa zombo za m'mlengalenga, pa laputopu ya mkulu wake, ndipo nthawi zonse akatera pa Mun, umodzi mwa miyezi ya m'masewerawa, chombo chake chimagwa chagada. Akufunsa ngati ayambe wapita ku Minmus, mwezi wina wa m'masewera omwewa. Koma chandikhudza mtima ndi mzere wake womaliza: aphunzitsi ake amuuza kuti miyezi ya m'masewerawa ndi yabodza, asataye nayo nthawi.

Achimwene, pa mbali imodzi aphunzitsi anuwo akunena zoona. Kuchokera pakati pa Mun kufika pamwamba pake ndi makilomita 200 okha, pomwe mwezi wathu ndi makilomita 1,737. Komabe mphamvu ya Mun yokokera zinthu pansi ndi 1.63 m/s², pafupifupi yofanana ndi ya mwezi wathu, 1.62. Kuti kamwezi kakang'ono chonchi kakoke mwamphamvu choncho, kayenera kukhala kolemera modabwitsa. Mukawerengera mupeza kuti kiyubiki mita imodzi ya Mun ikulemera makilogalamu oposa 29,000. Golide ndi 19,300. Ngakhale osmium, chitsulo cholemera koposa zonse, safika 23,000. Mwala wotero kulibe.

Koma opanga masewerawa anachita dala. A Squad a ku Mexico City, amene anatulutsa masewerawa koyamba mu 2011, anachepetsa maiko kuti munthu asatope ndi ulendo asanafike komwe akupita. Kerbin, dziko la ma kerbal (tianthu ta m'masewerawa), ndi makilomita 600 kuchokera pakati, lathu ndi 6,371, koma kukoka kwake anakusiya pa 9.81 pomwepo. Anachepetsa kukula kokha. Malamulo a kayendedwe ka zinthu ndi omwe aja ali m'buku lanu la Physics.

Apa ndi pomwe ndikusiyana nawo aphunzitsi anu, ndipo ndikusiyana nawo kotheratu. Ine ndinaphunzira kuno ku chigwa, m'kalasi ya malata, Okutobala akuwotcha mpaka cholembera kuterereka m'manja ndi thukuta. Tinkaloweza kuti g, nambala ya mphamvu yokokera zinthu pansi, ndi 10, n'kulemba mayeso, n'kukhoza. Zipangizo zoyesera tinalibe. Palibe anatiuza kuti nambala imeneyi ndi ya dziko lathu lokha, kuti kwina chinthu chomwecho chimagwa mwaulesi. Mpaka lero ana ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje akuphunzira chimodzimodzi, pa bolodi basi.

Kunyumba kwanga ku Nchalo kumabwera ana angapo madzulo kudzawerenga. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anaona kerbal wanga akudumpha pa Minmus, akukwera, akukwerabe, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Sanaseke ngati anzake. Anafunsa g ya kumeneko. Nditamuuza kuti 0.491, anatulutsa kope lake n'kuyamba kulemba atagwada pamkeka. Anapeza kuti mwala wogwa kuchokera mamita 10 umatenga masekondi 1.4 kuno, 3.5 pa Mun, ndi 6.4 pa Minmus. Kenako anandipempha kuti tiyese. Tinakweza kerbal pamwamba pa chombo, tinamugwetsa, iye akuwerenga pa wotchi ya foni. Ndi labotale iti imene ikanamupatsa zimenezi kwathu kuno? Mphunzitsi woletsa mwana chinthu chotere akumulanda chipangizo chokhacho chomwe ali nacho, ndipo ine sindingavomereze.

Kunena za laputopu, masewerawa amatenthetsa makina kwambiri, ndipo kutentha kwa ku Bangula mukukudziwa nokha. Musaiike pabedi kapena pamiyendo. Ikwezeni kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo muzisewera m'mamawa. Ndi ya akulu anu, isamaleni.

Enanso amati Minmus ndi wa ayezi chifukwa cha mtundu wake wobiriwira motuwa. Masamu omwewo akukana: kamweziko ndi ka makilomita 60 kuchokera pakati, ndipo kulemera kwake pa kiyubiki mita kumafanana ndi kwa Mun, pomwe ayezi safika ngakhale makilogalamu 1,000.

Tsono muyambe kuti?

Pitani ku Minmus. Mun ndi wa maenje ndi zitunda, mapiri ake ena opitirira makilomita 7, ndipo kutera pamenepo kuli ngati kuimika galimoto pa mtsetse wotsika kuchokera ku Blantyre musanafike pa Thabwa. Minmus ali ndi zigwa zosalala kwambiri, monga Great Flats ndi Greater Flats, pomwe chombo chimaima chilili. Ali kutali ndi Kerbin, makilomita 47,000 pomwe Mun ali pa 12,000, ndipo njira yake ndi yopendekeka ndi madigiri 6, choncho muwongole njira yanu musananyamuke ku Kerbin. Koma kutera kumangofuna mafuta okwanira kuchepetsa liwiro ndi pafupifupi 180 m/s, pomwe pa Mun kumafuna pafupifupi 580.

Konseko kulibe mpweya, parachuti sikuthandizani. Mangani chombo chachifupi, chotakata miyendo, thanki yolemera ikhale m'munsi. Ikani SAS, chida chothandiza kuwongolera chombo, pa retrograde kuti injini iloze komwe mukulowera, muthetse liwiro la cham'mbali musanafike pansi, mugunde nthaka ndi liwiro losapitirira 3 m/s. Mukadzabwerera ku Mun, sankhani pakati pa dzenje lalikulu, osati m'mphepete mwake.