Mafunso a okonda mafilimu: chithunzi chikuwala, koma agogo sakumveka

FUNSO: Tili ndi kagulu koonera mafilimu Loweruka lililonse. Mwezi uno taonera madokyumentale atatu a achinyamata ojambula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Chithunzi n'chokongola, koma agogo amene akufunsidwa mafunso sakumveka, kumangomveka mphepo ndi atambala. Ena pagulu pathu akuti vuto ndi kamera yotchipa. N'zoona? (Mayi wa ku Chilomoni)

YANKHO: Mayi, kamera ilibe mlandu. Vuto ndi mtunda wa pakati pa kamwa la agogo ndi maikolofoni. Ojambula ambiri amadalira maikolofoni ya pa kamera, yomwe imakhala pa mamita atatu kapena anayi. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi 6 dB (madesibelo, muyezo wa kukwera kwa mawu), pomwe tambala akulira monga kale. Wokonza filimu akadzakweza mawuwo pa kompyuta, amakweza ndi tambala yemwe.

Mankhwala ake ndi kamaikolofoni kopanira pa malaya, kuikidwa masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano, pomwe mkanda kapena kolona sizikakhudza. Ngakhale foni yachiwiri, yoikidwa pa airplane mode m'thumba la wolankhulayo, imagwira ntchito ya rekoda. Wojambula atchere rekoda pa 48 kHz (muyezo wojambulira mawu a m'mafilimu), ndipo pa mita ya rekodayo mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB. Akagunda pa 0 amasweka, ndipo kuwakonza n'kovuta zedi. Kasiponji kamene kamabwera ndi maikolofoni n'ka m'nyumba. Kunyanja nthawi ya mwera pamafunika chophimba chaubweya, ndipo wolankhulayo afulatire mphepo.

M'nyumba namo muli misampha. Chipinda cha simenti chopanda katundu chimabweza mawu, choncho ayale mphasa pansi ndi kupachika mabulangete awiri kumene kamera sikuona. Malata amathetheka dzuwa likatentha, ndipo mvula ikayamba ndi bwino kungopumula. Magetsi akazima ojambula ena amadandaula, chonsecho ndi nthawi yokhayo imene chigayo ndi furiji zimakhala duu.

Pali ziwiri zimene zimaiwalika kawirikawiri. Poyamba kujambula wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti adzalumikize mawu ndi chithunzi mosavuta. Pomaliza onse akhale chete mphindi imodzi rekoda ikuyendabe. Phokoso la malowo ndi limene amamatira mipata podula zokamba. Ndipo wojambula wopanda mahedifoni m'makutu sitimumvera chisoni.

FUNSO: Mu filimu ina, zojambulidwa m'kalasi usiku zinali ndi mizere yakuda yoyenda pachithunzi. Kodi ndi TV yanga? (Bambo wa ku Mzuzu)

YANKHO: TV yanu ili bwino, bambo. Magetsi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo machubu ndi mababu otchipa a LED amaphethira motsatira pamenepo, ngakhale diso siliona. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafulemu (zithunzi) 30 pa sekondi, zoyenerana ndi 60 Hz ya ku America. Wojambula atchere pa mafulemu 25 ndi shata (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi. Pa jenereta ayese kaye, chifukwa liwiro lake limasinthasintha.

FUNSO: N'chifukwa chiyani mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa mafilimu athu amathamanga, ena n'kukhala opanda tanthauzo? (Wophunzira wa ku Zomba)

YANKHO: Chifukwa amalembedwa usiku womaliza, liwu ndi liwu, ndi munthu wotopa. Mwambi ukamasuliridwa choncho umafa, ndipo oweruza a ku zikondwerero za mafilimu za ku Durban kapena Zanzibar, amene samva Chichewa, amangowerenga zomwezo. Muyezo wodziwika ndi mizere iwiri basi, zilembo zosapitirira 42 pa mzere, ndipo mawuwo akhale pa sikirini sekondi imodzi mpaka zisanu ndi ziwiri. Pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit imachenjeza mzere ukatalika kapena ukathamanga. Wolemba asunge mawuwo pa fayilo yapadera ya SRT (mtundu wa fayilo ya mawu olembedwa pansi pa filimu), asawamatire pachithunzi, kuti akapeza cholakwika asatulutsenso filimu yonse. Akamaliza, apatse munthu wosamva Chichewa aonere, kenako afotokoze nkhaniyo payekha.