Ted Williams, Cecil Travis ndi omenya mpira otsogola a 1941

Wowerenga wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti anaona nambala ya .406 pambali pa dzina la Ted Williams, ndipo akufunsa tanthauzo lake komanso mayina a osewera ena amene anatsogola pomenya mpira mu baseball ya ku America m'chaka cha 1941. Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanuli, ndipo ndiyamba ndi nambalayo.

Wosewera akamenya mpira n'kufika pa base yoyamba (malo oyamba amene womenya amathamangirako) adani ake asanamutulutse, imeneyo imawerengedwa kuti ndi hit. Mukagawa ma hit onse ndi maulendo owerengedwa amene iye anaima kuti amenye, mumapeza batting average. Amene wafika pa .300, kutanthauza ma hit atatu pa maulendo khumi aliwonse, ndi katswiri kale. Williams, mnyamata wa zaka 23 wa timu ya Boston Red Sox, anapeza ma hit 185 pa maulendo 456.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anamalizira. Tsiku lomaliza, pa 28 Seputembala, timu yake inali ndi masewero awiri ndi Philadelphia Athletics pa bwalo la Shibe Park. M'mawa mwake iye anali ndi ma hit 179 pa maulendo 448, zimene pozilemba m'mabuku zikanaoneka ngati .400 ngakhale kuti zinali zoperewera pang'ono. Akanatha kukhala pa benchi n'kusunga nambala yakeyo, koma anasewera masewero onse awiri, ndipo pa maulendo asanu ndi atatu anamenya bwino kasanu ndi kamodzi. Kuchokera tsiku limenelo, palibenso wosewera wa American League kapena National League, maligi awiri akuluakulu a baseball ku America, amene wamaliza chaka ali pa .400. George Brett anathera pa .390 mu 1980, ndipo Tony Gwynn anali pa .394 pamene sitiraka ya osewera inadula masewero a 1994.

Wachitatu mu American League anali Joe DiMaggio wa New York Yankees ndi .357. Iyeyu anapeza hit m'masewero 56 otsatizana, kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 16 Julaye, ndipo ndi amene anapatsidwa mphoto ya wosewera wopambana onse, timu yake itatenganso chikho. Ine ndimaona kuti mphotoyo inali yoyenera Williams, koma okonda masewerowa sanagwirizanebe mpaka lero. Ku National League anatsogola ndi Pete Reiser wa Brooklyn Dodgers, wa zaka 22, ndi .343. Dziwaninso kuti pa nthawiyo osewera akuda sankaloledwa m'maligi awiriwa, moti akatswiri ngati Josh Gibson ankasewera m'maligi awoawo mpaka pamene Jackie Robinson analowa mu 1947.

Mwina mwaona kuti ndadumpha wachiwiri. Ndachita dala, chifukwa ndikufuna kuti dzina lake mulisunge. Anali Cecil Travis wa Washington Senators, amene anamaliza ndi .359, kuposa DiMaggio, ndipo ma hit ake 218 anali ochuluka kuposa a wina aliyense m'ligiyo. Ankasewera m'timu yofooka, choncho manyuzipepala ankangolemba za anzake awiri aja. Miyezi yochepa masewero atatha, dziko la America linalowa m'nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo Travis anapita ku usilikali ali pachimake pa mphamvu zake. Anakamenya nkhondo ku Ulaya m'nyengo ya chisanu choopsa cha pakati pa 1944 ndi 1945, kumene mapazi ake anavulala ndi kuzizira. Anabwerera pa bwalo mu 1945, koma luso lake lomenya mpira lija linali litatha, ndipo mu 1947 anasiya kusewera ali ndi zaka 34 zokha.