Funsani Akatswiri: Pepala langa labwezedwa chifukwa cha ma reference

Funso: Ndinatumiza pepala la kafukufuku wa malungo ku journal ina ya zachipatala. Sabata isanathe analibweza lisanafike n'komwe kwa owunika, ati ma reference sali mu Vancouver. Ine ndinawandandalika motsatira alifabeti monga tinkachitira ku sukulu. Ndalakwitsa pati? Wophunzira digiri yachiwiri, Blantyre

Yankho: Mwagwiritsa ntchito kalembedwe ka dzina ndi chaka, konga Harvard kapena APA, pamene ma journal ambiri a zachipatala amafuna manambala. Dzina loti Vancouver linabwera chifukwa akonzi a ma journal angapo anakumana mu mzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978 n'kugwirizana kalembedwe kamodzi. Gulu lawo lero limatchedwa International Committee of Medical Journal Editors (ICMJE).

Lamulo lake ndi ili: pepala loyamba kulitchula m'nkhani yanu ndi 1, lotsatira ndi 2, mpaka kumapeto. Mukalitchulanso lija loyamba pa tsamba 9, likadali 1, silitenga nambala ina. Mndandanda wa kumapeto umatsatira manambala omwewo, alifabeti ilibe ntchito. Mukatchula mapepala anayi otsatizana mumalemba 3-6, akakhala odumphadumpha 3,7,12. Pepala lomwe mwalitchula mu tebulo mokha limatenga nambala potengera malo amene tebulolo latchulidwa koyamba m'nkhani. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa matebulo amawaika kumapeto kwa fayilo n'kuwapatsa manambala omalizira.

Reference iliyonse imayamba ndi dzina la bambo la wolemba, kenako zilembo zoyamba za mayina ake popanda mpumiro, mwachitsanzo Phiri AB, ndipo olembawo amalekanitsidwa ndi mpatuliro. Mukatero mumalemba mutu wa pepala, chilembo chachikulu poyambira pokha ndi pa mayina a malo kapena anthu. Kenako pamabwera mchira wooneka chonchi: N Engl J Med. 2002;347(4):284-7. Umenewo ndi dzina la journal lofupikitsidwa, chaka, volume, issue m'zikutiro, ndi masamba. Onani kuti 284-287 yasanduka 284-7. Dzina la journal musalifupikitse mongoganizira. Lifufuzeni mu NLM Catalog, kaundula wa ma journal wa National Library of Medicine ya ku America: Malawi Medical Journal ndi Malawi Med J, Bulletin of the World Health Organization ndi Bull World Health Organ, pamene Lancet ndi BMJ zimangokhala choncho.

Koma musanagwire chilichonse, tsegulani malangizo a olemba a journal imene mukutumizako, ndipo muyang'ane pepala limodzi lomwe yasindikiza chaka chino. Vancouver ndi banja, aliyense ali ndi khalidwe lake. Ena amafuna nambala m'zikutiro, ena yokwezedwa pamwamba pa mzere, ena masamba olembedwa onse, ena DOI (nambala yozindikiritsa pepala pa intaneti) kumapeto.

Funso: Pepala lina lili ndi olemba 23. Ndiwalembe onse? Namwino, Zomba

Yankho: Ayi, pokhapokha journal itanena. Zitsanzo za National Library of Medicine zimalemba asanu ndi mmodzi oyamba kenako et al., kutanthauza kuti ndi ena. Kalembedwe ka American Medical Association (AMA), komwe journal yawo ya JAMA imatsatira, kamati olemba akafika asanu ndi mmodzi kapena kucheperapo alembedwe onse, akaposa pamenepo atatu oyamba basi ndi et al. Ndondomeko ya mayina musaisinthe, ngakhale dzina lodziwika kwambiri litakhala kumapeto.

Funso: Ndimagwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yosunga ndi kundandalika ma reference, koma World Health Organization ikutuluka ngati Organization WH. Komanso anzanga olemba nawo atabweza fayilo, manambala asokonekera. Kodi ndingoyamba kulemba pamanja? Dokotala wachinyamata, Mzuzu

Yankho: Musatero adokotala. Pepala la ma reference 45 lolembedwa pamanja, wowunika akangoti onjezerani limodzi pa ndime yachiwiri, ndiye kuti manambala onse otsatira muwasinthe limodzilimodzi, ndipo penapake mudzaphonya ndithu.

Vuto loyambalo ndi laling'ono. Pulogalamuyi ikuyesa kuti bungwelo ndi munthu, ndiye yatenga Organization ngati dzina la bambo. Mu Zotero, pambali pa dzina la wolemba pali kabatani kosinthira mabokosi awiri kukhala bokosi limodzi. Kadineni, lembani dzina lonse la bungwe mmenemo, kenako Refresh mu Word. Mu EndNote, pulogalamu ina yonga Zotero, mumaika mpatuliro kumapeto kwa dzina la bungwelo. Zomwezo muzichita ndi malipoti akuno kwathu. Lipoti la Malawi Demographic and Health Survey 2015-16 olemba ake ndi National Statistical Office ndi ICF, linatuluka mu 2017, ndipo malo osindikizira ndi Zomba ndi Rockville. Chaka cha reference ndi 2017, osati 2015. Ambiri amakopera chaka cha pamutu.

Za manambalazo, kawirikawiri mnzanu wina anaonjeza nambala pamanja, kapena anatsegula fayiloyo mu pulogalamu ina imene inadula ulusi wolumikiza nambala ndi Zotero. Yesani kudina nambala iliyonse: yamoyo imachita mthunzi wotuwa, yakufa imangokhala ngati chilembo wamba. Zakufazo zifufuteni n'kuzilowetsanso. Mtsogolomu gwirizanani kuti munthu mmodzi yekha ndiye azigwira ma reference, enawo azingolemba PMID (nambala ya pepala mu PubMed, kaundula wa mapepala a zachipatala) kapena DOI pa ndemanga ya m'mbali. Tsiku lotumiza, sungani fayilo yamoyoyo padera, pa inayo dinani Unlink Citations. Mukatero pa fayilo yokhayo imene muli nayo, mudzalira nthawi yokonza zomwe owunika anena.

Dziwaninso kuti pulogalamu imangolavula zomwe mwaimwetsa. Zokoka ku Google Scholar nthawi zambiri zimabwera zopanda issue kapena masamba. Kulowetsa PMID kapena DOI kumabweretsa zoyera, komabe reference iliyonse muiyerekeze ndi tsamba loyamba la pepala lenilenilo.

Funso: Ndinapeza chiwerengero m'pepala lina, lomwe nalonso linachitenga kwina. Nditchule liti? Nanga zomwe anandiuza pakamwa mkulu wina wa za labotale? Wofufuza, Lusaka

Yankho: Sakani gwero loyambalo, muliwerenge, mulitchule. Mukalondola chiwerengero chobwerezedwabwerezedwa, si zachilendo kupeza kuti chinali cha ana a m'boma limodzi pamene inu mwalemba ngati cha dziko lonse. Onaninso ngati pepalalo silinachotsedwe. PubMed imaika chidindo cha Retracted pamwamba, ndipo Zotero imachenjeza ndi mzere wofiira pogwiritsa ntchito kaundula wa Retraction Watch. Pepala la pa webusaiti ya medRxiv lembani poyera kuti ndi preprint, kutanthauza pepala lomwe silinadutse kwa owunika, ndipo musanatumize fufuzani ngati silinasindikizidwe kale mu journal, chifukwa ziwerengero zimatha kusintha likadutsa kwa owunika.

Mawu a pakamwa salowa mu mndandanda. Amaikidwa m'nkhani momwemo, m'zikutiro, ndi dzina la munthuyo ndi tsiku lomwe anakuuzani, ndipo ICMJE imafuna kuti mwiniwakeyo avomereze polemba. Pepala lanu lomwe lalandiridwa koma silinatuluke limalowa mu mndandanda ndi mawu oti in press kapena forthcoming. Lomwe mwangotumiza kumene, yankho lisanabwere, litchuleni m'nkhani ngati zomwe sizinasindikizidwe, ndipo olemba nawo avomereze polemba.