Kodi kulira kwa chitseko kungakhale nyimbo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti wakhala akujambula pafoni mvula ikugwa padenga, kulira kwa chitseko ndi madzi akudontha m'ndowa, n'kumazisakaniza pakompyuta. Anzake akumuseka kuti zimenezo si nyimbo. Akufunsa ngati apitirize, komanso komwe angazitulutsire popanda kampani yojambula nyimbo.

Achimwene, musasiye. Njira mwaiyambayi ena anadutsamo kalekale. Mu 1944 ku Cairo, wopeka nyimbo Halim El-Dabh anajambula mawu a pamwambo wa mizimu wotchedwa zar n'kuwasintha ndi makina. Mu 1948 ku Paris, wopeka nyimbo wina, Pierre Schaeffer, anapita kukajambula phokoso la sitima zapamtunda, ndipo nyimbo zopangidwa ndi mawu ojambulidwa otere, zotchedwa musique concrète, zinayambira pamenepo. Iwo ankalimbana ndi kujambulira mawu pa waya ndi pa zimbale, pomwe inu muli ndi Audacity, pulogalamu yaulere yosinthira mawu pakompyuta.

Chida chachikulu ndi khutu lanu. Tengani dontho limodzi lija, muchepetse liwiro lake ndi theka. Liwu limatsika ndi octave yathunthu, ngati kuchoka pa do wapamwamba kufika pa do wapansi. Mukachepetsanso kachiwiri, kadontho kaja kamasanduka ngati belu lalikulu lolira kutali. Ine ndikamva zotere mtima umagunda, chifukwa liwulo linali m'ndowamo nthawi yonseyi, kungoti sitinkalimva. Koma samalani ndi mphepo, imawononga kwambiri. Phimbani maikolofoni ndi kasiponji, ndipo musakweze kwambiri pojambula, poti mawu akang'ambika sakonzeka. Muzisunga mu WAV, mtundu wa fayilo wosataya ubwino wa mawu.

Pa zotulutsa, ine ndingayambire pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo limene linayamba mu 2008. Mumakweza nokha nyimbo, mtengo mumaika nokha kapena kumusiyira womvera kuti apereke zomwe angathe, ndipo eni Bandcamp amatengapo 15 peresenti. Tsamba lina, SoundCloud, ndi labwino poyesera zomwe simunamalize.

Spotify musaithamangire. Kuti mufikeko mumadzera kwa makampani ofalitsa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pachaka sibweretsa kalikonse. Nyimbo ngati zanuzi omvera ake ndi ochepa koma okhulupirika, ndiye ndi bwino munthu mmodzi agule chimbale chonse kusiyana n'kudikira anthu ongodutsa.

Ngati m'zojambulazo mukumveka anthu akucheza, apempheni kaye chilolezo. Pansi pa nyimbo iliyonse lembani chomwe munajambula, malo ake ndi nthawi yake. Chitseko chija mukachimaliza munditumizire, ndikufuna ndichimve.